Munthu Amene Anawongola Nyanja

Pa pulazi lina la fodya kuseri kwa Marondera, mbali yopita ku Wedza, panali nyanja. Sinali yaikulu ayi, ikanakwana m'ngolo ya abulu. Inkakhala m'chipinda chodyera cha Bwana Hendriki, m'thanki lagalasi. Chaka cha chilala chija cha 1992, pamene damu linasanduka bwalo la mpira, amayi a m'komboni n'kumandanda pa mjigo ndi zigubu zawo, nyanjayo sinaphwe ngakhale pang'ono. Mchere wake unkachokera ku Harare m'matumba. Munali nsomba zamawangamawanga zosayenera m'poto, miyala, ndi tinthu tooneka ngati maluwa timene bwanayo ankaumirira kuti ndi nyama, dzina lake makorali. Anthu sankatsutsa. Mwini pulazi akati duwa ndi nyama, ndi nyama basi.

Madzi ena onse a papulazipo anali m'manja mwa Bambo Sebastiao, foromani wa mthirira. Anachoka ku Tete ali mnyamata, ndipo tsopano imvi zinali zitayamba m'mbali mwa makutu. Makiyi a nyumba ya injini ankawavala m'khosi pamodzi ndi kolona, moti akamayenda sunkadziwa ngati kukubwera pemphero kapena ntchito. Anthu ankawatchula kuti a Injiniya. Dzinali linayamba ngati chipongwe, koma eni ake analilandira ndi manja awiri, ndipo zaka zitapita panalibenso wokumbukira kuti poyamba anthu ankaseka.

Ntchito yawo ankaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Malamulo awo anali awiri. Loyamba, madzi ali ngati ng'ombe za pagoli, aziyang'ana kumodzi. Lachiwiri linali la ku nazale ya fodya: wothirira mbande asayerekeze kuchotsa kamutu kazibowobowo ka pakamwa pa kheni, chifukwa madzi ogwera malo amodzi amakumba mizu. Mayi wina dzina lake Keziya anachotsapo kamutuko tsiku lina kuti amalize msanga, ndipo a Injiniya anamulalikira pamaso pa anzake mpaka dzuwa linasuntha.

Za nyanja zinali zina. Popeza anali a ku Mozambiki, anthu ankangoganiza kuti nyanja anakulira m'mbali mwake. Iwo sananamepo. Kungoti munthu akawafunsa, ankayang'ana patali, n'kuusa moyo, n'kunena kuti, "Eee, nyanja." Chonsecho madzi aakulu amene anawaonapo anali a Zambezi, ndipo anawaoloka atagwira m'mbali mwa bwato, maso ali chitsinzinire.

Fodya atagulitsidwa, Bwana Hendriki anakonza zopita ku Durban kukaona nyanja ina ija yaikulu. Anaitana anthu awiri. Januario, khukhi wa m'nyumbamo, anamuuza kuti azidyetsa nsomba. Kwa Bambo Sebastiao anati madzi akatsika aziwonjezera oyera mpaka pa mzere, ndipo magetsi akazima azilizitsa jenereta. Kenako analoza timapampu tiwiri tomamatira ku galasi mkati mwa thankimo, kena kumanja kena kumanzere, n'kunena m'Chilapalapa chake, chilankhulo chosakaniza chija cha mabwana a m'mapulazi, kuti iti asatikhudze munthu. Bambo Sebastiao anagwedeza mutu mwamphamvu, akumuyang'ana Januario, poti zinali zoonekeratu kuti mawu amenewo akupita kwa khukhi.

Masiku omwewo kunyumba kwawo kunali nkhani yaikulu. Mwana wawo Carolina anali atafunsiridwa ndi Lazalo, kalaliki wa pa pulazi lina ku Wedza. Kwawo kwa mnyamatayo anali anthu a ku Malawi akalekale, opita kusukulu, akulu ampingo, ndiponso anali atayamba kumanga nyumba yanjerwa ku Ruwa. Mphepo inali itabweretsa mawu akuti azakhali ake ena anafunsa ngati atsikana atha m'dziko muno kuti mwana wawo akatole kwa makarushu, dzina lonyoza limene anthu ankatchulira a ku Mozambiki. Mawuwa anawakhala pamtima Bambo Sebastiao. Ng'ombe analibe, munda analibe, mudzi woloza ndi chala unali utapsa ndi nkhondo. Chimene akanaika pamphasa pamaso pa anthu amenewo chinali dzina lawo lokha.

Lamlungu lina anafika a Mcloud, malume ake a Lazalo, kudzakamba monga nkhoswe. Anali munthu wamtali, wa jekete yotuwa ndi cholembera m'thumba chimene sanachitulutsepo. Kuchikazi nkhoswe anali Januario yemweyo, poti ndiye anamuimira Carolina pa ubatizo, chifukwa chake iye ndi Bambo Sebastiao ankaitanana kuti kumpadre, ndipo malume enieni anali kutsidya kwa malire, osadziwika ngati ali moyo. Nkhani zinayenda bwino. Alendo atadya, Bambo Sebastiao anakonza kukhosi.

"Musanapite, a Mcloud, pali kantchito kena kamene murungu, mzungu wathuyu, wandisiyira. Kakang'ono. Mwina mungakonde kuona."

Januario anatsegula chitseko cha kukhitchini nkhope ili gwa. Onse atatu anavula nsapato n'kulowa, a Mcloud akunyang'ama ngati alowa m'tchalitchi cha eni.

Anaima nthawi yaitali patsogolo pa galasilo. Pakati pa thankilo panali korali wamkulu wanthambinthambi, wobiriwira mofiirira, amene Januario ankamutcha Dona. Anamutcha choncho chifukwa dona weniweni wa nyumbayo anapita kukaona abale ake kutsidya la nyanja osabwererako, ndipo bwana m'mawa uliwonse ankapereka moni kwa uyu. Tsitsi lofewa la koraliyo linkagwedezeka, uku kenako uku, ngati udzu wa m'dambo mphepo ikasowa kolowera.

"Zinthu ziliko," anatero a Mcloud motsitsa mawu. "Ndiye zonsezi zili m'manja mwanu?"

"Madzi ndi madzi," anayankha Bambo Sebastiao.

"Koma ndifunseko, a Injiniya, ine wosadziwa. Bwanji madziwa akuyenda ngati munthu wochokera ku bhawa atakhuta mowa? Apita uku, abwerera, azungulira."

Funso limeneli linagwera pabala. Chiyambire kulowa m'nyumbamo, Bambo Sebastiao ankaona timapampu tija titayang'anizana, kalikonse kakulavulira kanzake, ndipo mtima unkawawawa monga umawawira mmisiri akaona khoma lokhota.

"Mwaona bwino," anatero. "Si aliyense angaone zimenezo. Taonani, iyi ikukankhira kuno, iyo ikukankhira uko. Mphamvu yonse ikuthera kumenyana. Munthu wanga atandilumikizira mapaipi chonchi kumunda, mawa lake akakhala akupalira."

"Ndiye murungu sadziwa?"

"Murungu amadziwa fodya."

Anayamba kupinda mkono wa malaya. Januario anasuntha phazi.

"Kumpadre, paja murungu anati timapampu ito..."

"Anauza inu, kumpadre. Inu mumadziwa madzi a tiyi."

A Mcloud anaseka m'mphuno. Bambo Sebastiao analowetsa mkono m'nyanja koyamba m'moyo wawo, anadabwa kuti ndi yofunda, koma nkhope sinaonetse. Anapotoza kapampu ka kumanja mpaka kanayang'ana kumene kanzake kankaloza. Madzi anaima kaye ngati akuganiza, kenako onse anayamba ulendo umodzi, kudutsa pa Dona, kukagunda galasi, n'kuzungulira. Nsomba zinatembenuka zonse n'kuyang'ana kumodzi ngati ana asukulu pamzere. Tsitsi la Dona linagona mbali imodzi, lopesedwa bwino.

A Mcloud anawomba m'manja, kuwomba kwaulemu kuja kwa manja okumbika.

"Mwaiwongola nyanja, a Injiniya. Ndikawauza kwathu. Ena aja amalankhula zambiri asanaone."

Madzulo a tsikulo Bambo Sebastiao anadya sadza, nsima ya chimanga chachikasu cha chilala chija, ngati ndi mpunga wa pa Khirisimasi.

Nyanja inayamba kuyankha mkati mwa sabata. Choyamba unali mchenga: unasesedwa wonse n'kukaunjikana pakona, pansi pa thanki n'kutsala galasi lambee. Bambo Sebastiao anati ndi ukhondo. Kenako kuseri kwa miyala, kumene madzi sankafikanso, kunayamba kukhala zinyalala zofiirira, ndipo timakorali ta kumeneko tinafumbata ngati nkhonya osatsegukanso. Anati tikupuma. Koma m'mawa wina atabwera ndi ndowa yawo, anapeza Dona atasupuka mbali imene madzi ankamenya. Mnofu unkalendewera ngati nsanza, ndipo pansi pake pankaoneka fupa loyera mbuu.

Anatsitsa ndowa pansi pang'onopang'ono. Chimene ankaonacho sichinali chachilendo kwa iwo. Anali atachiona ku nazale, pa bedi la Keziya: malo amodzi okumbika mpaka mizu kuyera, kwina kouma. Iwo, a Injiniya, anali atachotsa kamutu ka kheni n'kuloza madzi pa mbande ya eni usana ndi usiku.

Januario ankapukuta tebulo limene linali lopukuta kale.

"Kumpadre," anatero Bambo Sebastiao osatembenuka, "kapampu aka poyamba kanapendeka bwanji kodi? Kanaloza m'mwamba pang'ono, kapena ku mwala uwo?"

"Ine? Ine ndimadziwa madzi a tiyi."

Ananena mofatsa, n'kupita kukhitchini, ndipo posakhalitsa ketulo inamveka ikulira.

Munthu wina akanamutsatira n'kukapepesa. Bambo Sebastiao anaima n'kuganiza monga injiniya. Kubwezera timapampu kuti tiyang'anizane kukanakhala kuvomera pamaso pa khukhi kuti madzi omenyana aja anali olondola. Choncho anapeza nzeru ina. Anapotoza tonse tiwiri kuti tiloze mbali inayo, kuti mbali yovulala ipumeko. Mchenga unasamuka n'kukamanga pakona ina. Pofika Lamlungu, Dona anali atasupuka mbali zonse ziwiri mofanana, ntchito yaudongo.

Nthawi yonseyi dzina lawo linkayenda. A Mcloud anali munthu wosunga lonjezo. Dalaivala wa lole yobweretsa feteleza anatsika n'kufunsa kuti mkulu uja anawongola nyanja ndi uti, ndipo anawagwira chanza ndi manja awiri. Kutchalitchi cha m'komboni anawasunthira pa benchi lakutsogolo. Carolina anabwera ndi nkhani yakuti azakhali aja atumiza moni, moni weniweni wotchula dzina. Chilichonse cha izi chinkawalowa Bambo Sebastiao ngati munga wa m'chidendene. Chakudya chinayamba kubwerera m'mbale.

"Mukudwala, abambo a Carolina?" anafunsa akazi awo a Luiza.

"Ntchito yachuluka."

"Ntchito yake iti, damu louma? Kapena nyanja yayamba kukhotanso?"

Anawayang'ana akazi awo kuti aone ngati akudziwa. A Luiza ankasankha nyemba, ndipo nkhope ya munthu wosankha nyemba siwerengeka.

Bwana Hendriki anabwera masana ena, wofiira ngati nkhanu, atanyamula kabokosi ka nkhono zatsopano zoti aike m'nyanja mwake. Bambo Sebastiao anaitanidwa dzuwa lisanapendeke. Anapeza bwanayo ataima patsogolo pa galasi, kabokosi kakadali m'manja. Januario anali pakhomo la kukhitchini akuwerenga matabwa a kudenga.

Anthu a papulazipo ankamudziwa bwanayo kuti akakwiya amamveka mpaka ku mabani a fodya. Tsikuli sanakweze mawu. Anangofunsa kuti ndani.

"Madzi ankamenyana, bwana," anatero Bambo Sebastiao. Mawuwo anatuluka aang'ono kuposa mmene anawakonzera.

Bwanayo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako analowetsa mkono m'thanki, n'kubwezera timapampu tija kuti tiyang'anizane, kena kopendekera m'mwamba pang'ono. Madzi anayambanso kuyenda mwa uchidakwa wawo. Analankhula pang'onopang'ono, monga amalankhulira munthu ndi mwana wa mnzake. Anati nyanja ilibe ngalande. Imapita, imabwerera. Nyama izi zilibe miyendo, ndiye madzi ndiwo amazibweretsera chakudya n'kuzichotsera zonyansa, mbali iyi kenako mbali iyo. Ukawaimitsa zimabanika, ukawalozetsa malo amodzi zimasupuka.

"Ngati mbande, bwana."

"Ngati mbande," anavomera bwanayo, ndipo anaoneka wodabwa kuti munthuyu akumva. Kudabwa kumeneko kunapweteka kuposa mbama.

Sanawachotse ntchito. M'chaka cha chilala sungachotse munthu yekhayo amene akudziwa kumene mapaipi anakwiriridwa. Anangozula Dona pamwala pake, fungo lake n'kudzaza chipinda chodyeramo, n'kuwapatsa m'manja. Anati atenge, ndi ntchito ya manja awo.

Njira yochokera kunyumba ya bwana kupita kukomboni ndi imodzi, ndipo imadutsa pa mjigo. Bambo Sebastiao anayenda nayo dzuwa likuswa mtengo, chinthu choyera chonunkha chili m'manja, madzi ake akudontha pa nsapato. Amayi a pamzere anasiya kulankhula. Anawapatsa moni mmodzimmodzi, mwaulemu woposa wa masiku onse, ena mpaka kupinda maondo. Keziya ndiye anali kupopa. Sanasiye kupopako.

"Mwaswera bwanji, a Injiniya. Yawongoka?"

Palibe anaseka. Anadikira mpaka iwo atakhota pa khola la nkhumba.

A Luiza anachilandira chinthucho osafunsa kanthu. Anachiyanika padenga mpaka fungo linatha, kenako anachiyesa pa chidendene n'kupeza kuti chimakhula bwino kuposa mwala uliwonse wa kumtsinje. Chinakakhala kubafa, pambali pa sopo.

Malole amene anabweretsa mbiri yoyamba kuchokera ku Wedza ankayendabe msewu womwewo. Choncho tsiku limene a Mcloud anabweranso kudzapangana za tsiku la ukwati, Bambo Sebastiao anadzuka akudziwa kuti mbiri yachiwiri inafika kale kumeneko. Anavala malaya oyera, makiyi anawabisa mkati.

A Mcloud anakhala pampando, jekete yomwe ija, cholembera chomwe chija.

"Muli bwanji, asebere?"

Asebere. Ndi dzina labwino, laubale, loyenera makolo a ana amene akukwatirana. Koma ulendo watha munthu yemweyu sankatha mawu awiri osanena kuti a Injiniya.

Anakamba za chimanga chachikasu, kuti chimanunkha ngati thumba. Anakamba za mabasi a ku Marondera, za denga la nyumba ya ku Ruwa, za mbuzi za m'busa zimene zinadya maluwa a paguwa. Januario anakhala pakati akuvomereza zonse. Za nyanja a Mcloud sanatchule. Anaizungulira nkhaniyo patali, mosamala, monga ngolo imazungulirira dzenje. Ngakhale a Luiza atabweretsa beseni losamba m'manja, mlendoyo anasamba akuyang'ana kumbali, ngati madziwo angayambitse nkhani. Ulemu umenewu unali wolemera, ndipo Bambo Sebastiao anaona kuti adzausenza pa ukwati, pa ubatizo wa adzukulu, pa maliro onse a mabanja awiriwa, mpaka tsiku lawo lomwe.

Anadzuka osatsanzika. Anapita kuseri, n'kubwera ndi Dona ali ndi thovu la sopo m'nthambi, n'kumuika pamphasa pakati pa anthuwo.

"Nyanja ija ndi iyi, a Mcloud. Ndinaipha ndine. Komanso ndikuuzeni, nyanja yeniyeni sindinaionepo. Kwathu kuli Zambezi, ndipo nayonso ndinaoloka nditatsinzina. Mukawauze azakhali aja kuti asavutike ndi moni wa dzina."

Kunja nkhuku inadutsa ikufufuza. A Mcloud ananyamula fupa loyeralo, analitembenuza, analiyesa kulemera kwake. Makutu awo anaoneka kuti atentha.

"Zvakaoma," anatero potsiriza, kutanthauza kuti n'zovuta, Chishona chitawatulukira chokha. "Inu mukudandaula komboni imodzi, asebere. Ine nkhani ija ndinaikamba mapulazi onse a ku Wedza. Ndinaikamba ndi kumsonkhano wa akulu ampingo, ngati chitsanzo cha mmene munthu angawongolere banja lake. Panopa ndikangolowa m'sitolo, anyamata amayamba kuwomba m'manja chonchi." Anaonetsa, kuwomba kuja kwa manja okumbika, kamodzi kokha, mopanda mphamvu. "Ndiponso amene anafunsa funso lija ndine."

Onse awiri anayang'ana pamphasa, amuna awiri aimvi ovala bwino.

Januario anakonza kukhosi monga nkhoswe.

"Ndiye tinene kuti mwezi wa mawa, Loweruka lachiwiri. Anthu amene aphera limodzi chinthu sakananso kudyera mbale imodzi. Tiyi ndikonza ine, madzi ake ndikuwadziwa."

A Mcloud anavomera ndi mutu. Bambo Sebastiao anafuna kunenapo kanthu koyenera bambo wa mkwatibwi, koma atafufuza anapeza kuti mawu onse amene ankalankhulira pagulu anali a a Injiniya, ndipo a Injiniya panalibe. Anangoti zikomo.

A Luiza analowa kudzachotsa beseni. Ataona chimene chinali pamphasa, anagwada, anapepesa alendo, n'kuchitola.

"Ichi mundikhululukire, chili ndi ntchito. Ukwati wayandikira, ndipo zidendene zanga mukuziona nokha."